Dzuwa Linatuluka M'siling'i

Lolemba m'mawa, mawotchi anayi anabwezedwa pa kauntala. Lachiwiri, ena atatu.

Anali mawotchi aja odzutsa munthu ndi kuwala. Amayamba kufiira ngati m'bandakucha, kenako n'kuyera mbee, tulo n'kuthawa. Wowayeza asanagulitsidwe anali mayi wina amene anzake pasitolopo ankamutcha Diso. Ankalowa m'kachipinda kamdima, n'kuika kamakina koyezera kuwala mkono umodzi kuchokera pa wotchi. Nambala ikafika 300, ankamata chizindikiro chake pa bokosi.

"Ndachedwa kuntchito kawiri," anakalipa namwino wina. "Mwandigulitsa dzuwa kapena chiphaniphani?"

Diso anayeza wotchi ya namwinoyo. Inakanirira pa 40. Ataikweza m'manja, inali yopepuka ngati chikho. Wina ankachotsa enieni m'mabokosi n'kuikamo achinyengo.

"Chizindikiro n'chanu, mayi," anatero bwana. "Likamatha Lachisanu popanda yankho, mutenge chikwama chanu."

Zinamuwawa. Zaka zisanu ndi zinayi akuthera maso mumdima, lero wakuba n'kukhala iye!

Diso atakanena kupolisi, sajeni anayasamula. "Ndiye mlandu wake ndi woti nyali sikuwala? Ife si a magetsi, mayi."

"Ingobwerani Lachisanu isanakwane 3 koloko masana. Mukapanda kuona kanthu, mudzamange ineyo," anatero Diso.

Makiyi a chipinda cha katundu ankasunga mlamu wa bwana, ndipo kumuloza chala popanda umboni kunali kuputa mavu. Koma Diso ankadziwa chinthu chimodzi. Mlonda ankasecha aliyense pageti, kupatula Loweruka, pamene mlamuyo ankatuluka ndi galimoto ya kampani. Ndiye kuti katundu wobedwa ankagonera momwemo kudikira Loweruka.

Lachinayi kunafika mawotchi khumi. Diso anawayeza, anadzaza mabatire, n'kuwatchera onse kuti adzayake mawa lake 3 koloko. Lachisanu m'mawa anakweza mabokosi aja. Onse anali atapepuka.

Sajeni anafika 3 koloko itatsala pang'ono kukwana, akutokosa m'mano. Analowa onse m'chipinda cha katundu, bwana ndi mlamu wake yemwe, ndipo Diso anazimitsa magetsi.

"Masewera anjinso awa, achimwene?" anafunsa mlamu. "Mayiyu mutu ukuyenda bwino?"

Mdima bii. Mphindi zisanu zinadutsa. Bwana anatsokomola, nayamba kufufuza chitseko.

Kenako m'ming'alu ya siling'i munayamba kufiira. Kufiirako kunasanduka chikasu, ndipo mizere ya kuwala inatsika n'kugwa pa mapewa a mlamu.

"Kodi kuno dzuwa limatulukira kudenga?" anafunsa sajeni. "Makwerero ali kuti?"

Anatsitsa thumba la mawotchi khumi ndi asanu ndi awiri, khumi akuwala. Anali atakulungidwa m'jekete la mlamu, chiphaso chake chantchito chili m'thumba.

"Ndimangosunga, achimwene. Musawauze alongo anga."

"Mukawauza nokha akabwera kudzakuonani," anatero sajeni, unyolo uli khethe.

Bwana anakanda m'mutu. "Mwina anangosokoneza mabokosi. Tikudziwa bwanji kuti awa ndi enieni?"

Ngakhale pepani! Diso anatenga wotchi imodzi, anatambasula mkono, n'kuika kamakina kake. Anadikira nambala ikhazikike, kenako anaitembenuzira kwa bwana.

"Mazana atatu, bwana. Maso anga ali bwinobwino. Kayezetseni anuwo."