Nkhokwe Yosadziwa Kukana

Mwatitha anakhudza khoma ndi chala, ndipo mayi ake anatulukira pakati pa chipinda, atavala chitenje chobiriwira, akusenda nthochi. Sanali iwo enieni ayi. Chinali chithunzi cha kuwala chochokera mu Nkhokwe, kabokosi kakuda ka pamwamba pa kabati, komwe kankasunga mawu ndi maonekedwe a anthu. Mayi ake, a Nangondo, anali atapita kale kuli chete.

Masiku amenewo nyumba zonse za mumdadada wawo ku Ndirande zinali zolumikizana. Nkhokwe ya wina ikadzaza, inkagogoda kwa mnansi kupempha malo osungira zinthu. Iliyonse inkaphunziranso khalidwe la mwini wake kuti iziyankha monga iye. Ya kwa Mwatitha inaphunzira kwa mayi ake.

M'kabokosimo munali chinthu chimodzi chimene mtsikanayo anali asanatsegulepo: malangizo a ukwati amene mayi ake anajambula ali m'chipatala. "Udzaonere ukadzapeza mwamuna, osati mawa lomweli," anatero akuseka movutikira. Iye anamvera. Akawasowa ankangoonera zing'onozing'ono, monga za nthochizo.

Chinkhoswe chake chitayandikira, anakhala pamphasa, napinda miyendo ngati mwana wodikira mwambo.

"Nkhokwe, ndipatse malangizo a amayi."

"Pepani, mulibemo," kanatero kabokosi.

Anafunsanso. Kanayankha chimodzimodzi. Chikhalirecho kagalasi kake kankasonyeza kuti theka lonse linali lopanda kanthu.

Bambo Kachingwe, okonza makina amene ankakhala m'nyumba yapansi, anabwera atangoitanidwa. Anavula nsapato pakhomo ngakhale pansi panali posakolopa. Analumikiza kachipangizo kawo, nayang'anitsitsa zimene kankasonyeza.

"Mwanawe, kabokosi aka kakunama. Kadzaza mpaka pakamwa."

"Komatu kakuti theka mulibe kanthu, bambo."

"Kakukuuza iwe choncho, kakuuzanso anansi choncho. Tandikumbutsa, mlendo akafika ufa uli pang'ono, mayi ako ankati chiyani?"

"Ankati ulipo wambiri."

"Kenako?"

Mwatitha anaweramitsa mutu. "Ankati iwo adya kale."

"Basitu. Kanatengera komweko. Nkhokwe ya mnansi ikagogoda, aka kamati malo alipo. Kenako kamafufuta za m'nyumba muno kuti za mlendo zilowe. Kanayambira zikuluzikulu."

"Sizingabwerenso?"

Bamboyo anatembenukira kuwindo, nayamba kukulunga waya wawo pang'onopang'ono, kumasula n'kukulunganso, mpaka Mwatitha atapukuta m'maso.

"Ndikhoza kukakonza kuti kazinena zoona," anatero pomaliza. "Koma kadzaiwala khalidwe la mayi ako."

"Kasiyeni kaye."

Mwatitha anaona ngati ulemu wabodzawo ndiwo wokha umene unatsala wa mayi ake.

Nkhani inamveka mumdadada monse. Mmawa mwake anagogoda amake Yankho, mnansi wa khomo loyang'anana, atanyamula mbatata yootcha m'mbale.

"Iwe, ndamva kuti ife ndife tadya za mwini nyumba," anatero akukhala pansi osadikira kuuzidwa. "Manyazi andigwira ngati ndaba nkhuku. Katundu wanga ali mmenemo ndakutsegulira. Amake Fatsani nawo atsegula, a Kachingwe nawonso. Mayi akowo analibe phwando lowadutsa, ufufuze bwino."

Mwatitha anayamba kuonera zinthu za eni. Anapeza mayi ake kumbuyo kwa chithunzi cha ubatizo, atabereka mwana wosakhala wawo. Anawapeza pamaliro ena akutsuka mbale, nsana wokha ukuoneka. Penanso panamveka kuseka kwawo kokha, kuseri kwa chitseko. Sanali kuyang'ana iye, sanali kutchula dzina lake, koma analipo.

Kenako panatseguka ukwati wa Yankho. M'chipinda cha amayi okhaokha, a Nangondo anali atagwira mkwatibwi dzanja.

"Mwanangu, pali chimodzi usadzatengere kwa ine," anatero. "Ine ndimabisa njala, ndimabisa matenda, mpaka zinthu zimaipa. Iwe ufa ukatha uzinena kuti watha. Amene amakukonda adzabwera ndi wawo."

Mwatitha anayang'ana mbale ya mbatata ija. Anabwezanso chithunzicho, nasendera pafupi, naika dzanja lake pomwe panali dzanja la Yankho. Kuwala kunadutsa pakati pa zala zake.

"Malangizo awa si anga," ananong'ona.

"Ndakupatsa," anatero amake Yankho. "Yankho anamva kale, ngakhale sindikudziwa ngati anamvera."

Madzulo a tsikulo Mwatitha anatsikira kwa Bambo Kachingwe, nawapempha kuti akonze kabokosiko. Atamaliza, kagalasi kanafiira, ndipo Nkhokwe inalankhula ndi mawu achilendo: "Ndadzaza."

Mtsikanayo anagwedeza mutu movomera. Anali mawu amene mayi ake analephera kunena moyo wawo wonse, koma anafunitsitsa kuti mwana wawo adzathe kuwanena.