Nambala ya pa Mkono wa Feliya

Feliya adafika pa depoti ya feteleza ya pa Kaluluma ali wefuwefu, patapata imodzi ili m'manja poti idadukira m'njira. Lole yomwe anthu adaidikira masiku atatu inali itafika kale, matumba akutsitsidwa. Mzere umene iye adausiya utakhala pansi mumthunzi tsopano unali chiimire, anthu atathinana ngati fodya wa m'belo. Adayang'ana pamene panali malo ake, kumbuyo kwa mayi Modester, napeza kuti paima bambo wina wamtali wa chipewa chofiira. Pamkono pake nambala 47 inkaonekabe bwinobwino, koma nambala payokha siyankha ikaitanidwa.

Malowo sanali ake, anali a bambo ake, a Mphepo. Bambowa adachoka kwawo ku Phalombe Feliya ali kumsana, nakhala zaka khumi ndi zitatu ali tenanti pa esiteti ya fodya. Tenanti salembedwa m'kaundula wa mudzi, choncho zaka zonsezo makuponi a feteleza wotsika mtengo ankangowaonera m'manja mwa anzawo. Chaka chimenecho adali atapatsidwa kamunda kawokawo, ndipo dzina lawo lidatuluka koyamba. Makuponiwo adawakulunga m'pepala la shuga nawasunga m'thumba la malaya, moti poyenda ankangogwiragwira pachifuwa ngati odwala mtima. Kamundako kanali kotopa, ka mchenga. Popanda matumba awiri a pa makuponiwo, chimanga chake chikadangofika m'mawondo.

Pa depotipo anthu adadzipangira lamulo lawo pofuna kuthana ndi olowerera. Adasankha a Wyson, bambo wa mawu aakulu, kuti azilemba nambala pamkono pa aliyense ndi bolopeni, n'kuilembanso m'kope. Nthawi iliyonse imene afuna, a Wyson ankaitana manambalawo. Woitanidwa kawiri osayankha ankafufutidwa, kaya ndi mfumu kaya ndi m'busa. Wachibale ankaloledwa kugwirira mnzake malo, bola akhale pomwepo ndi thupi lake.

A Mphepo adagona pamenepo masiku awiri. Loweruka m'mawa kudamveka kuti lole ifika cha m'ma 3 koloko masana, ndipo iwo adafuna kuthamangira kumudzi kukathirira nazale ya fodya ndi kukabwereka njinga yonyamulira matumba. Ndiye adaitanitsa Feliya, a Wyson namulemba nambala ija pamkono.

"Ungokhala pansi, mwanawe," adatero a Mphepo. "Akati fote seveni, iwe uti ndilipo. Ntchito yake ndi yomweyo basi."

"Ndamva, ababa."

Adamva ndithu, ndipo adakhala maola awiri athunthu osasuntha. Chidasokoneza zinthu ndi kubwera kwa Mwai, mnzake wa mu Fomu 2, mwana wa anesi a pachipatala.

Mchimwene wake wa Mwai adabwera ku tchuthi ndi laputopu, ndipo m'laputopumo munali gemu imene atsikana awiriwa adaisewera milungu itatu akaweruka kusukulu. Sinali gemu yongowomberana ayi. Inali nkhani yaitali, ngati buku loti woliwerenga amalowamo. Wosewera ankakhala kaputeni wa chombo choyenda pakati pa nyenyezi, zaka zikwi zam'tsogolo. Anthu a m'chombomo akalankhula, mayankho atatu kapena anayi ankatuluka pansi pa sikirini, wosewera n'kusankhapo limodzi, ndipo nkhani inkakhotera komwe wasankhako. Ukamuyankha mwano makaniko wa manja anayi lero, mawa chombo chikawonongeka ankakukumbutsa. Mwai anali katswiri podina mabatani, koma Chingerezi chachitali chinkamutopetsa. Wowerenga ndi kusankha mayankho anali Feliya. Kusukulu ankamuti mwana wa tenanti, wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya. M'chombomo anthu ankaimirira iye akalowa, ndipo zimenezi zinkamutsekemera kuposa momwe akadavomerera.

"Achimwene akupita ku Lilongwe mawa, ndipo laputopu akutenga," adatero Mwai atanjuta pafupi naye. "Tatsala ndi chigawo chimodzi chokha. Anthu a pa mwezi wa madzi oundana aja tingowasiya afe?"

"Sindingachoke. Ndikugwirira ababa malo."

"Iwenso! Lole ikubwera 3 koloko, aliyense akudziwa. Ino ndi 10 koloko. Kwathu ndi apa, kuseri kwa chipatala. Ola limodzi lokha, Kaputeni."

Dzina loti Kaputenilo ndi limene lidamudzutsa. Feliya adayang'ana a Wyson, nawaona akuwodzera atatsamira mtengo, kope lili pankhope. Adanong'oneza mayi Modester kuti akupita kukadzithandiza.

"Fulumira, mwana wane," adatero mayiwo. "Abambo awo akadzidzimuka sadikira munthu."

Kunyumba kwa anesi kunali kozizira bwino, makatani atatsekedwa. Laputopu itayaka, Kaluluma yense adazimiririka. Chombo chidatera pa mwezi woyera mbee, pamene anthu zikwi khumi ankakhala mumzinda wa pansi pa madzi oundana. Makina otenthetsa mzindawo anali kufa, koma loboti yolondera zipata inkakana kutsegula poti idalamulidwa kalekale kuti isatulutse munthu. Mfuti sizikadathandiza. Pankafunika kuigonjetsa ndi mawu okha.

Ulendo woyamba Feliya adaiopseza, ndipo loboti idatseka zipata zonse mpaka magetsi a mumzindawo adazima. Atsikanawo adabwerera pamene adasungira gemu, nayambiranso. Ulendo wachiwiri adainamiza, koma idamugwira bodza. Adayambiranso. Pakati pa ulendo wachitatu kudamveka kulira kwa galimoto yaikulu kumsewu. Tisamukometsere, Feliya adakumva kulirako. Adadziuza kuti ndi lole ya njerwa, nasendera pafupi ndi sikirini. Paja amati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Ulendo wachinayi adaifunsa loboti funso lophweka: kodi amene adailamulawo ankafuna kusunga zipata kapena kusunga anthu? Nyali za loboti zidaphethira. Kenako zipata zidatseguka, anthu nayamba kutuluka m'mizere, ana ali m'manja, nyimbo ikulira. Atsikanawo adalumpha nakumbatirana. Feliya adamva misozi m'maso, ndipo adaona ngati sadachitepo chinthu chachikulu chotere chibadwire.

Nthawi yomweyo amayi ake a Mwai adalowa, akuvula nsapato pakhomo. "Lero odwala achira okha," adatero akuseka. "Onse athawira ku depoti. Akuti feteleza wabwera kuyambira 11 koloko."

Feliya adayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itadutsa 1 koloko. Umo ndi momwe adapezekera pa depoti ndi patapata m'manja.

"Anaitana kawiri, mwana wane," adatero mayi Modester motsitsa mawu. "Ndinayesa kukuyankhulira, koma anati lamulo ndi lamulo."

Asadaganize chochita, adamva belu la njinga. A Mphepo adatsika akumwetulira, thukuta lili kamukamu, zingwe za mphira zomangira matumba zili lendelende pa kaliyala. Kumwetulirako kudatha ataona mwana wawo ataima kunja kwa mzere.

"Bwanji waima apa?"

Feliya adatsegula pakamwa kuti anene zoona. Koma ataona dzanja lawo lili pa thumba la makuponi, mantha adamugwira, ndipo chidatuluka ndi china.

"Anandilumpha, ababa. Ndinali pomwepa, koma fote seveni sanaitane."

A Mphepo anali munthu wofatsa, woti zaka khumi ndi zitatu adangoti "inde bwana" kwa akapitawo, ngakhale pamene fodya wawo wabwino ankaponyedwa m'giredi yotsika. Feliya sadawamvepo akukweza mawu. Tsiku limenelo adaponya njinga pansi, nalunjika pamene panali a Wyson.

"Achimwene, mwana wanga mwamulumphiranji?"

"Sindinalumphe munthu ine," adayankha a Wyson. "Ndinaitana kawiri, panalibe."

"Mwana wanga sanama! Masiku awiri ndagona pa fumbi pano, inu mukundiona. Kapena n'chifukwa choti ndife obwera? Nenani, anthu amve! Malo anga mwagulitsa kwa wa chipewa chofiirayu?"

Mawu oti mwagulitsa adagwa ngati moto pa udzu wouma. Anthu anali atatopa, ali ndi njala, ndipo a kumapeto kwa mzere anali ataona kale kuti matumba sakwanira. Wina adakuwa kuti a Wyson ndi akatangale. Wina adati naye adalumphidwa dzulo. Bambo wa chipewa chofiira adayamba kulumbira kuti sadapereke kanthu, koma palibe adamumva. Anyamata awiri adatsomphola kope m'manja mwa a Wyson, wachitatu nawagwira pakolala mpaka malaya adang'ambika. A Wyson adagwa chogwada, akutchinga kumutu ndi manja.

Mayi Modester adangotembenuka namuyang'ana Feliya, maso okha. Feliya adamva ngati zovala zonse zamuvuka. Kumaso kudamutentha. Adaona munthu wina akutola chiduswa cha njerwa.

"Asiyeni!" adakuwa. "Asiyeni, ndanama ine!"

Phokoso lidatsika pang'onopang'ono mpaka kudangotsala kulira kwa matumba akugwa pa mulu.

"Anaitana ndithu. Ine ndi amene kunalibe. Ndinapita kwa anesi."

"Unadwala?" adafunsa a Mphepo. M'mawu awo munali kupempha, ngati akumupatsa khomo loti atulukire.

"Ayi, ababa. Timasewera gemu pa kompyuta."

"Gemu yake yotani yosiyira feteleza?" adafunsa mayi wina ali mumzere.

Feliya adayang'ana pansi. "Yopulumutsa anthu pa mwezi wina, kutali kunyenyezi."

Wina adaphulika kuseka, ndipo kusekako kudayenda ndi mzere mpaka kumapeto, omwe sadamve akufunsa anzawo, anzawo n'kumawafotokozera mowonjezera. A Mphepo okha sadaseke. Adatola kope lija pa fumbi, nalipukuta ndi malaya awo. Kenako adavula chipewa, nagwada pamaso pa a Wyson, munthu woti akadatha kukhala mng'ono wawo.

"Achimwene, ndakulakwirani pagulu, ndiye ndipepesanso pagulu. Ndakunenerani zoipa, inu mulibe mlandu. Ndikhululukireni."

Feliya adalakalaka nthaka itang'ambika. Adaona imvi pamutu pa bambo ake, zimene sadaziwonepo poti chipewa sichinkachoka, ndipo adaona mawondo awo ali pa fumbi chifukwa cha iye. Manyazi amene adamugwira anali owawa kuposa chikwapu chilichonse.

A Wyson adadzuka, akugwirizira malaya ong'ambikawo.

"Dzukani, bambo. Kholo lililonse limakhulupirira mwana wake. Koma madzi akatayika saoleka. Ndikakubwezerani malo, mawa aliyense adzabwera ndi nkhani yake." Adatenga bolopeni, nalemba pamkono pa a Mphepo nambala yatsopano, 312.

Adaimabe pamzere, bambo patsogolo mwana pambuyo, osalankhulana. Anthu odutsa ndi matumba panjinga ankamuloza Feliya ndi milomo. Mayi Modester adadutsa ndi awo awiri, nayang'ana kumbali mwachifundo. Cha m'ma 4 koloko kalaliki adatuluka n'kulengeza kuti feteleza watha. Atamufunsa za lole ina, adatambasula manja. Mwina sabata yamawa, mwina mwezi wamawa, iye sankadziwa.

Njira ya kumudzi inali yaitali, yodutsa m'minda yolimidwa kale mizere, yongodikira mvula. Kumadzulo mitambo inali itada bii. A Mphepo sadakwere njinga, ankangoikankha, zingwe za mphira zikukokeka pansi. Feliya ankatsatira pambuyo, patapata yoduka ili m'manja, akudikira kukalipiridwa. Adadutsa zigafa za pa esiteti imene ankakhala kale, nawoloka dambo, koma kukalipirako sikudabwere. Akadakonda kuti athyole kamtengo amukwapule, nkhani ithe.

Atatsala pang'ono kufika, a Mphepo adachepetsa liwiro.

"Anthu ako a pa mwezi aja," adatero osatembenuka, "unawapulumutsa?"

"Eya, ababa."

"Onse?"

"Onse."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye bola. Ine ndimaopa kuti mwina taluza konsekonse."

Apa m'pamene Feliya adalira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa. Adathamanga nagwira chiwongolero cha njinga, ndipo bambo ake adamusiyira. Adaikankha yekha njinga yopanda katunduyo, ndipo madontho oyamba a mvula adawapeza asadafike pakhomo.