Khadi Lomwe Linatsegula Chitseko cha Mkati

Anadziwana chifukwa cha pasiwedi. Mtsikanayo anali atangoyamba ntchito ya ulembi pakampani yogawa mankhwala, ndipo sabata yoyamba yokha anaiwala pasiwedi yake katatu. Wamakompyuta, munthu wa phee amene antchito ankamutcha a Loko, ankachoka m'kaofesi kake ka pansi kukamukonzera. Ulendo wachitatu anamufunsa ngati akuiwaladi.

"Koyamba kuja ndinaiwaladi," anayankha mtsikanayo.

Chaka chotsatira anakwatirana. Ankakwera basi imodzi m'mawa, kudya limodzi masana pakhonde la kuseri, ndipo Lamlungu mwamuna ndiye ankasita makolala a mabulawuzi a mkazi wake, ati mkaziyo amawapsereza. Mimba yoyamba inapita padera. Yachiwiri chimodzimodzi. Timalaya timene anagula tinatsikira pansi pa sutikesi, ndipo nkhaniyo inasiya kutchulidwa m'nyumbamo.

Mankhwala atayamba kusowa pakampanipo, mabwana anauza a Loko kuti amange zinthu. Anamangadi. Wantchito aliyense analandira khadi lokhala ndi chithunzi chake, lotsegula zitseko zokhazo zimene ntchito yake ikufuna. Pakompyuta napo, munthu ankaona mafayilo a gawo lake basi. Makhadi a okolopa ankatsegula makonde ndi zimbudzi, zipinda ayi. Lamulo lalikulu analilemba okha: wobwereketsa khadi, ntchito yatha. Dalaivala wina wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pantchito anachotsedwa pa chifukwa chimenecho. Mkazi wa a Loko anayesa kumupepesera.

"Bambo, munthu uja ali ndi ana asanu."

"Ndikasiya mmodzi ndasiya onse," anatero a Loko. "Khadi ndi munthu."

Chitseko chilichonse chinkalemba m'kompyuta khadi lomwe latsegula ndi nthawi yake. Kaundula ameneyu ankamuona ndi a Loko okha, ndipo ngakhale iwo ankaloledwa kumutsegula pokhapokha kanthu kasowa ndipo bwana wasayina.

Patapita miyezi, mkazi uja anasiya kutsika masana. Ankati ntchito yachuluka. Ena anamuona akunong'onezana ndi wosunga katundu, mwamuna wamtali wokonda kuimba mluzu, ndipo tsiku lina akumupatsa kaphukusi. Mayi wa pamalo olandirira alendo sanathe kupirira.

"A Loko, maloko onsewa pakampani pano," anatero akuseka, "nanga lakunyumba ndiye linakana?"

A Loko anaseka nawo. Atafika m'kaofesi kawo anakhala pakompyuta. Kenako, popanda kanthu kosowa, popanda siginecha ya bwana, analemba nambala ya khadi la mkazi wawo.

Pakampanipo panali chipinda cha mafayilo akale cha zitseko ziwiri, china chochokera kumaofesi, china chochokera kosungira katundu. Kaundula anaonetsa kuti tsiku lililonse, thwelofu koloko itangodutsa, khadi la mkazi wawo linkatsegula chitseko cha mkati. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi, khadi la wosunga katundu linkatsegula chakunja. Ankatuluka patatha theka la ola.

Nsanje siyamba ndi phokoso. Imakhala pansi mwaulemu, n'kumawerenga. A Loko anawerenga mizere imeneyo m'mawa ndi madzulo kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo mzere uliwonse unkawachotsera kena kake kamene anali nako kale.

Anafunsa Lamlungu masana, mkazi wawo akusita yekha.

"Masiku ano mumadyera kuti?"

"Padesiki panga."

"Nanga khadi lanu limadyera kuti?"

Mkaziyo anaimika ayironi. "Mwayamba kundilondola m'makina anuwo?"

"Ndakufunsa, iwe!" Chikwatirane anali asanamutchulepo iwe. "Theka la ola tsiku ndi tsiku ndi chimunthu cha mluzu chija! Kampani yonse ikundiseka. Kapena wapeza woti akupatse chimene ine ndalephera?"

Mawu amenewo anagwa pakati pawo ngati mbale. Mkaziyo anayang'ana kusutikesi, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Zilipo zimene sindingakuuzeni," anatero motsitsa. "Nditakuuzani lero, mawa m'mawa mukalemba lipoti. Ndimakudziwani. Dalaivala uja sindinamuiwale."

"Ndiye zilipodi."

"Zilipo, koma si zimene mukuganizazo. Tsiku lina masana dzakwereni mudzandione padesiki. Masitepe ake ndi makumi awiri okha."

"Makina sanama."

"Ine ndiye ndimanama?"

A Loko sanakwere masitepewo. Munthu amene wakhulupirira chinthu chomwe anapanga ndi manja ake amaopa kuona ndi maso.

Lachinayi, kutatsala mphindi khumi kuti ikwane thwelofu, a Loko anapatsa khadi lawo chilolezo cholowa kosungira katundu. Anatola chitsulo chotsegulira mabokosi n'kuima kuseri kwa mashelefu. Wosunga katundu anatulukira kuchokera kugeti la kumbuyo atanyamula katoni ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono, mluzu wake uli wapansipansi. Pamene ankagunditsa khadi pachitseko, chitsulo chinamupeza kunkhongo. Kamodzi kokha.

Sanagwe nthawi yomweyo. Anagwada, n'kutula katoniyo pansi bwinobwino, ngati muli mazira. Kenako anagona chammbali.

M'katonimo munamveka kulira kwa mwana.

Chitseko chinatseguka. Amene anatuluka, bulawuzi ili yomasula kale mabatani, anali mayi wokolopa, mkazi wa wosunga katunduyo. M'khosi mwake munkalendewera khadi, ndipo pakhadipo nkhope ya mkazi wa a Loko inkamwetulira.

Nkhani yonse inali yomweyi. Kampani sinkalola ana pantchito, ndipo khanda lawo la miyezi inayi linkakana botolo. Masana aliwonse mlamu wa wokolopayo ankabwera nalo kugeti, bambo ake n'kulibisa m'katoni, mayi ake n'kukaliyamwitsa pakati pa mafayilo akale. Khadi la wokolopa silikanatsegula chipindacho. Mkazi wa a Loko ankavula lake n'kumuveka, iye n'kutsala padesiki. M'kaphukusi kaja munali timalaya ta pansi pa sutikesi.

Kukhoti, a Loko anati sanakonzekere, mtima unangowathawa. Woimira boma pamlandu sanakangane nawo. Anaitana mtsikana amene analowa m'malo mwawo pantchito, ndipo iye anawerenga kaundula: a Loko anafufuza khadi la mkazi wawo maulendo zana limodzi ndi makumi anayi mphambu atatu popanda chilolezo, ndipo chitseko cha kosungira katundu anadzitsegulira okha mphindi khumi munthu asanafe.

"Makinawa angalakwitse?" anafunsa woweruza.

A Loko anaimirira, ngakhale funsolo silinali lawo. "Salakwitsa, bwana."

Anawalamula kukhala m'ndende zaka makumi awiri ndi zisanu. Mkazi wawo anali atachotsedwa kale ntchito chifukwa chobwereketsa khadi. Wokolopa uja nayenso, chifukwa cholandira.

Mkazi wa a Loko anapita kukawaona kamodzi, patatha chaka. Anakhala moyang'anizana, waya ali pakati.

"Mwana uja wayamba kuyenda," anatero mkaziyo. "Ndimamusunga ine mayi ake akapita kokachapa kwa anthu."

"Mukanangondiuza, mayi."

"Mukanawachotsa ntchito?"

A Loko anaweramitsa mutu. "Ndikanawachotsa."

Mkaziyo anagwedeza mutu pang'ono, n'kutola chikwama chake. "Masitepe makumi awiri, bambo," anatero, ndipo anapita.

Malamulo aja sanali oipa. Mankhwala anasiyadi kusowa. Koma khadi limangonena chitseko chimene chatseguka, silinena amene wadutsa, kapena chimene wanyamula. Zimenezo zimafuna munthu adzuke pampando akaone.

Kumene a Loko ali tsopano kulibe makhadi. Chitseko chawo chimatsegulidwa ndi woyang'anira ndende wachikulire wa mulu wa makiyi m'chiuno. Asanalowetse kiyi, amayamba wasuzumira pakabowo n'kuyang'ana nkhope ya amene ali mkatimo. A Loko amamuona akuchita zimenezo m'mawa uliwonse, ndipo amayang'ana kumbali.