Mayina a M'chitini cha Nanay

"Mwana wa mwamuna wina sagona m'nyumba muno. Ndanena, ndipo sindibwerezanso."

Nanay Consing, kapena kuti Mayi Consing m'chinenero chakwawo, ananena mawu amenewa kwa Lorna, mpongozi wawo, akudula anyezi, osacheuka n'komwe. Mwana ankanenedwayo anali Tala, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene Lorna anamusiya kwa amayi ake kwawo ku Iloilo pamene ankakwatiwa ndi Dindo Mangubat n'kubwera kudziko lina, mumzinda wa Winnipeg. Dindoyo anali pomwepo m'khitchini, koma anangoti maso m'mbale ngati mpunga ukumuuza nkhani. Ndi mmene analili mwamunayu. Mtima anali nawo wabwino, koma amayi ake akangotsokomola iye anali atayankha kale kuti inde.

Lorna ankawaopa apongozi akewo, ndipo sikunali kuopa kwa ulemu ayi, anali mantha enieni. Mbale ikasweka, mpunga ukapserera, nyimbo inali imodzimodzi: "Tinakubweretsa ndife, tikhozanso kukubweza ndife. Foni imodzi basi." Pasipoti yake, khadi lake lokhalira m'dzikomo ndi pepala la nambala ya boma yogwirira ntchito, zonsezo Nanay anazitenga sabata yoyamba n'kuzitsekera m'chitini cha mabisiketi chabuluu chimene chinkakhala pamwamba pa kabati kuchipinda kwawo. "Ndikusungire, mwana wanga, kuno akuba mayina ndi ambiri," anatero tsiku limenelo, Lorna n'kuthokoza ndi mtima wonse.

Poona kuti mwana wake sadzalandiridwa, Lorna anayamba kufunafuna kanyumba ka lendi mwakachetechete. Kulikonse ankamubweza ndi mawu amodzi, akuti alibe mbiri ya ngongole. Tsiku lina anakalirira Meseret, mayi wa ku Ethiopia amene ankagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba.

"Ine sindinatengepo ngongole chibadwire, ndiye akundikaniranji?" anafunsa Lorna.

"N'chifukwa chake akukukana, iwe wobwera dzulo," anaseka Meseret, akupinda mabulangete. "Kwanu ndi kwathu munthu wopanda ngongole amapatsidwa ulemu. Kuno amamuona ngati mzukwa, sadziwa ngati aliko. Kasiye madola 300 kubanki ngati chikole, akupatsa kakhadi kogulira zinthu pangongole. Uzigulira tikiti ya basi yokha, mwezi usanathe wabweza. Ukatero chaka chonse, dzina lako liyamba kumveka."

Lorna anachitadi zomwezo. Makalata a kubanki anati azibwera pafoni, asayerekeze kupita kunyumba, poti bokosi la makalata ankatsegula ndi Nanay okha. Khadilo ankalibisa m'nsapato ya kuntchito, pansi pa kansalu kopondapo. Abale, munthu wamkulu, wosambitsa nkhalamba za eni tsiku lonse, kumayenda ataponda chinsinsi chake ngati wakuba! Miyezi khumi ndi umodzi sanachedwepo kulipira ngakhale tsiku limodzi, ndipo ngakhale Dindo sanamuuze.

Mu February mapepala a ulendo wa Tala anatheka. Mwana anali woti afika pa 14 March. Lorna anapeza kanyumba ka chipinda chimodzi pafupi ndi sukulu, ndipo analowa mu ofesi ya woyang'anira nyumbazo akumwetulira. Bamboyo anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, n'kuvula magalasi.

"Mayi Mangubat, khadi la madola 300 mumalipira bwino kwambiri. Koma nanga atatu enawa?"

"Atatu ati?"

Anamutembenuzira kompyutayo. Dzina linali lake, tsiku lobadwa lake, nambala yake. Makhadi atatu, ngongole yoposa madola 14,000, yosalipidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Makalata okumbutsa akuti ankapita kunyumba imene iye ankagonamo. Mtima wa Lorna unangoti myuu, mpaka bamboyo anamupatsa madzi.

Kubanki anamuuza mosapsatira. Ngati ngongoleyo sanatenge ndi iye, akanene kupolisi abweretse pepala. Popanda pepalalo ngongoleyo ndi yake, ndipo imutsatira zaka zambiri. Anatuluka n'kukaima pamalo odikirira basi, chipale chofewa chikumumenya kumaso, n'kuimbira Meseret.

"Ndi a m'nyumba momwemo, ndikudziwa. Koma ndikangotsegula pakamwa andibweza, Meseret. Tala adzafika ine kulibe."

"Akubweze ndani? Ndiwe thumba la mpunga kodi?" anakalipa Meseret. "Chilolezo chokhalira kuno ndi chako, si cha apongozi ako. Ngati sukundikhulupirira kafunse ku ofesi yothandiza obwera kumene, ili pamsewu womwewo waimapo. Pita pompano, usayambe walira."

Anapita, ndipo anamuuza zomwezo. Komabe mantha a chaka chathunthu sachoka ndi mawu a mlendo. Masiku atatu otsatira Lorna sankadya, akamva masilipasi a Nanay m'khonde mtima unkagunda ngati wathamanga.

Lamlungu atabwera ku Misa, banja lonse linakhala patebulo. Panali Nanay, Dindo, ndi Boyet, mng'ono wake wa Dindo, amene galimoto yake yaikulu yonyezimira inali itatseka njira panja. Boyet anali atadzaza chakudya chakwawo chonga sipageti chotchedwa pansit m'mbale mpaka kusefukira. Lorna anaika supuni pansi.

"Nanay, ndikupempha mapepala anga."

"Uwatani?" anafunsa apongoziwo, osadzutsa mutu.

"Wina watenga ngongole m'dzina langa. Makhadi atatu."

Boyet anasiya kutafuna. Lorna anayang'ana mwamuna wake, akupemphera mumtima kuti adabwe, akwiye, amenye tebulo. Koma Dindo anangoti zyoli, ndipo pamenepo Lorna anadziwa zonse.

"Dindo? Ndiyang'ane."

"Ndinasaina ndine, Lorna," anayankha ndi mawu otsika. "Boyet akanalandidwa galimoto, ntchito n'kumuthera. Anati abweza pa miyezi itatu. Ndimafuna ndikuuze, koma…"

"Koma chiyani? Unkagona pambali panga usiku uliwonse! Unkandiona ndikuimbira mwana wanga, ndikumulonjeza bedi lake!"

"Aaa, alamu, musakuze nkhani," analowerera Boyet, akupukuta pakamwa. "Ndibweza ndithu, zinthu zangovuta pang'ono."

"Khala chete iwe," anatero Nanay, n'kutembenukira kwa Lorna. "Tamvera. Dzina langa linada kale, la Dindo linada, la Boyet osanena. Lako linkangokhala m'chitini lopanda ntchito. Wadya chakudya changa, wagona m'nyumba yanga, ndiye dzina lokhalo likhale lako wekha? Unakwatiwa m'banja, sunakwatiwe ndi banki."

"Kubanki akuti ndikanene kupolisi."

Mpando wa Nanay unagwa chagada. "Polisi! Iwe, kamtsikana tinakakutola kumudzi, ukaitanire ana anga apolisi? Dindo, patse foni! Lero lomwe ukwera ndege!"

Lorna anamva thukuta likutsika kumsana. Anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti asagwe.

"Imbani, Nanay," anatero Lorna. "Ndinakafunsa. Simungandibweze."

Nanay anaima kakasi foni ili m'manja. Sanaimbe, poti analibe kokuimbira. Kenaka nkhope yawo inasintha, milomo inayamba kunthunthumira, misozi n'kuyamba kutsika. Anazungulira tebulo n'kugwira manja a mpongozi wawo.

"Mwana wanga, usandiphe. Ndili ndi ana awiri okha. Ine ndinasesa maofesi zaka makumi awiri m'dziko lozizirali kuti akhale anthu. Boyet akamangidwa ndifa. Dindo akamangidwa iwe utsala ndi ndani? Tamvera, nkhani ya nyumba ya lendi isiye. Tala abwere kuno. Chipinda changa chosokera ndichotsamo makina, tiikamo bedi, ndimusokera makatani apinki. Azidzanditchula Lola, agogo ake, ngati mdzukulu wanga weniweni."

Apa ndiye Lorna analira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa. Chaka chonse anapempherera mawu amenewa. Mwana anali woti afika pakangotha masabata atatu, ndipo iye analibe nyumba, analibe dzina, analibe kwina kolowera. Apa chipinda chinali chitapezeka, chofunda, chaulere. Dindo anagwada pambali pake n'kumugwira mwendo.

"Vomera, Lorna. Ndigwira ntchito ziwiri, ngongoleyo tibweza pang'onopang'ono. Chonde."

Lorna anatsala pang'ono kugwedeza mutu. Nanay ataona kuti wafewa, anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi chitini chija.

"Ona, ndilibe nawe chifukwa. Pasipoti yako nayi, uione kuti ili bwinobwino."

Anatsegula chivindikiro n'kuyamba kusanthula. Maenvelopu ena anagwera patebulo, ndipo imodzi inatsetsereka n'kuima pafupi ndi mbale ya Lorna. Inali ya kampani ya mafoni, yodindidwa mawu ofiira a chenjezo lomaliza. Lorna anawerenga dzina linali pamenepo kawiri. Chichay Mangubat. Chichay anali mwana wa Boyet, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene mano ake akutsogolo anali atangoguluka kumene.

"Nanay, Chichay ali ndi ngongole?"

"Aa, zimenezo n'zazing'ono," anayankha apongoziwo, akuilanda envelopuyo. "Pomadzakula zidzakhala zitafufutika. Ndiye Tala akafika, tikamutengere nambala yake mwamsanga, mapepala akewo undipatse ndisunge pamodzi ndi athu. Ana amataya zinthu."

Ananena zimenezi mokoma, ngati agogo okonda mdzukulu. Koma Lorna anaona Boyet akudzutsa mutu m'mbale muja, n'kuyang'ana chitinicho. Tsitsi la Lorna linaima. Mantha onse amene anakhala nawo m'nyumba imeneyo anali aang'ono poyerekeza ndi amene anamugwira panthawiyo.

Anapukuta misozi. Anatambasula dzanja, n'kutenga pasipoti yake, khadi lake ndi pepala la nambala yake, n'kuziika m'thumba la diresi. Kenaka anaimirira.

"Ukupita kuti?" anafunsa Nanay.

"Mwana wanga salowa m'chitini chanu."

"Wosayamika iwe! Ukatuluka pakhomo limenelo usadzabwerenso!"

Lorna anavala jekete ndi nsapato zake za kuntchito zija, n'kutuluka. Chitseko anachimenyetsa mpaka chithunzi cha ukwati wawo chinagwa pakhoma. Asanafike pamsewu anamva Dindo akuthamanga pambuyo pake, ali ndi masokosi okha m'chipale.

"Lorna! Ukanena, ine ndiye woyamba kumangidwa. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa," anatero Lorna, misozi ikuyambiranso. "Ndimakukonda, Dindo, n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi. Sindikawonjezera kanthu, ndikanena zimene zinachitika basi. Ngati uli mwamuna, tiye ukanene wekha, ukatchulenso za Chichay."

Dindo anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana kunyumba. Pawindo panali Nanay, akugogoda galasi ndi mphete yawo.

"Nanga mwanayo akagona kuti?" anafunsa Dindo.

"Kumene ndikagone ine."

Lorna anamudikira mpaka basi inatulukira pakona. Nanay anagogodanso kachiwiri, ndipo Dindo anabwerera m'nyumba mapazi atanyowa. Lorna anakwera yekha, n'kukatsikira pa polisi. Anafotokoza zonse kwa wapolisi wamkazi, n'kusaina pepala.

Meseret anamupatsa malo pabalaza pake, matilesi pansi, kuseri kwa sofa. "Si hotela, koma palibe adzakufunse mapepala," anatero. Kubanki anati kuyeretsa dzinalo kutenga miyezi ingapo, ndipo Lorna anapitiriza kugula tikiti ya basi ndi kakhadi kake, n'kumabweza mwezi usanathe. Tsopano ankakasunga m'kachikwama ngati anthu ena onse. Dindo ankaimba tsiku lililonse, koma mawu ake anali amodzimodzi, oti akachotse nkhaniyo kupolisi.

Pa 14 March masana, Tala anatulukira pachipata cha bwalo la ndege atagwiridwa dzanja ndi mayi wogwira ntchito m'ndegemo, atavala juzi yaikulu yofika m'mawondo. Lorna anagwada pansi pomwepo n'kumukumbatira, anthu akumulambalala ndi zikwama zawo. Atalira mokwanira, mwanayo anavula kachikwama kansalu kamene kanali m'khosi mwake.

"Mama, Lola wa ku Iloilo anati mapepala angawa ndisataye. Akuti ndikangofika ndipereke kwa akuluakulu a pakhomo asunge."

Lorna anatenga kachikwamako, n'kukavala m'khosi mwake, n'kukalowetsa mkati mwa jekete.

"Wapereka kale, mwana wanga," anatero. "Akuluakulu a pakhomo ndine."