Manja Opingasa a Amalume

Lolemba m'mawa Mapopa anaima pakhomo pa galaja ya ku Govan, mvula ikumunyowetsa, koma kulowa ankachita manyazi. M'katimo amalume ake, a Ellard, ankamasula injini yopserera.

Kwa zaka makumi awiri a Ellard anali mkulu wa amakaniko pa mipikisano ya magalimoto awiriawiri othamanga pamsewu wowongoka, ija yotha m'masekondi khumi okha. Dalaivala ntchito yake n'kuponda moto basi, koma wonena kuti galimoto ipite kapena isapite ndi mkuluyu. Galimoto isananyamuke, iwo ankagwada n'kusuzumira kunsi kwake. Akadzuka n'kupingasa manja, ndiye kuti zimitsa injini, palibe zokambirana. Aliyense kumeneko ankadziwa kuti galimoto ya a Ellard sinadonthetsepo oyilo pamsewu.

Loweruka lapitalo Mapopa, yemwe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anafika mu fainolo koyamba akuyendetsa galimoto ya amalume akewo. A Ellard anasuzumira, naona dontho lakuda, napingasa manja. Mapopa anawaona bwinobwino. Koma mumtima anati, kadontho kamodzi komweko mpaka kutaya chikho? Nyali yobiriwira itayaka, anaponda.

Sanafike n'komwe pakati. Injini inaphulika, oyilo n'kumwazikira mbali ya galimoto inayo. Norman, yemwe ankapikisana naye, anaterereka n'kukawomba chipupa, mkono n'kuthyoka.

Akuluakulu a mpikisano atafunsa chomwe chinachitika, a Ellard anati iwo ndi amene anachedwa kupereka chizindikiro. Anawaletsa kugwira ntchito pa mpikisano kwa chaka chathunthu, chonsecho chimenechi chinali chaka chawo chomaliza asanapume. Mapopa anali pomwepo, chisoti chili m'manja, osatsegula pakamwa. Zimenezi n'zimene zinkamudya mumtima masiku awiri onsewa.

Kenaka analimba mtima n'kulowa.

"Amalume, ndinakuonani," anatero.

"Ndikudziwa. Tinayang'anana m'maso," anayankha a Ellard, osasiya sipanala.

Mapopa anafunsa chifukwa chake ananama. Iwo anati mnyamata akaletsedwa akungoyamba kumene, mbiriyo imamutsatira moyo wonse, pomwe iwo zawo zinali zitatha kale. Anati sakudziwa ngati anachita bwino, ndipo bodza limenelo linkawachititsa manyazi kuposa chiletsocho.

Misozi inalengeza m'maso mwa Mapopa. Analonjeza kuti awalembera akuluakulu aja n'kuwauza zoona. A Ellard anati alembe ndithu, koma ayambe wapita kuchipatala, akamuuze Norman ndi pakamwa pake kuti iyeyo ndi amene anamuthyola mkono.

Mapopa anavomera. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Nanga akakukhululukirani, mudzandisuzumiriranso kunsi kwa galimoto?"

A Ellard anapukuta manja pa kansanza.

"Ayi, mwanangu. Ndimakukonda, ndipo injiniyi tiikonza limodzi. Koma ndikadzapingasanso manja, ndidzakhala ndikudzifunsa ngati uzimitse kapena ayi. Ntchito imeneyi sindingaigwire choncho."