Mthunzi wa Pikiyapu ya Kondie

Pa Limbuli mpaka lero pamamveka mphekesera yoti pikiyapu yoyera ija, yamatayala ofika m'chiuno, inkadya zamoyo. Amayi ogulitsa zinanazi amachita kulumbira. Ena amati ndi nsanje chabe, paja kwathu kuno ukangofolera malata ndiye kuti wakhwima. Koma iyiyi, abale inu, ili ndi kafungo.

Mwini wake anali Kondie, wakabaza wa pa Muloza. Ankapalasa njinga mpaka msana kupindika, kunyamula matumba a anthu ochokera ku Milange, koma pakhomo pake ngakhale sopo anali wopempha. Ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake Dainess, ndi kamwana kawo kamodzi, Favour, kamtsikana kosekerera aliyense. Chomwe chinkamudya mtima ndi mlamu wake Phillip, mchimwene wa Dainess, amene anamanga nyumba moyandikana nawo ndipo anali ndi kagalimoto kotuta nandolo. Mvula ikagwa, Phillip ankamupitirira pamsewu n'kumuthira matope, kenako n'kusuzumira pawindo.

"Pepanitu alamu, sindinakuoneni. Mwafupikitsa!"

Phillip ankangocheza. Kondie sankaseka.

Tsiku lina anawoloka malire n'kupalasa mpaka kuseri kwa Milange, kwa nkhalamba ina yodziwa zitsamba, dzina lake Isake.

"Wadzera chiyani, mwanaka?"

"Galimoto, agogo. Yoposa ya mlamu wanga."

"Galimoto sivuta. Chovuta n'kuidyetsa."

"Mafuta ndizipeza."

Nkhalambayo inaseka osatsegula pakamwa. "Ndani wanena za mafuta?"

Inatulutsa kansupa kosokereredwa m'chikopa chakuda. "Aka kakupatsa galimoto. Ukaigula, ukakamangirire kunsi kwake. Kasadzakhudze dothi, kakadzakhudza chuma chidzayamba kuthawa. Ndipo chamoyo chilichonse chodzabisala mumthunzi wa kunsi kwa galimotoyo n'chake. Usadzachiingitse."

"Monga nkhuku?"

"Monga chokwanamo. Chodya chikakula, chobwera chimakulanso."

"Nanga inu ndikulipireni chiyani?"

"Ine ndimadya m'mbale imodzi ndi kansupako. Pita."

Kondie anaganiza kuti kunsi kwa galimoto kungalowe chiyani kuposa nkhuku. Anavomera.

Chaka chisanathe, zinthu zinatseguka ngati bodza. Nandolo amene ankagula motchipa ankakwera mtengo mawa lake lomwe. Anapita ku Blantyre pa minibasi, n'kubwerako akuyendetsa pikiyapu yatsopano, mipando ikadali m'mapepala. Dainess analulutira mpaka mawu kusasa. Posakhalitsa anapiye ake anayamba kupezeka ali gada kunsi kwa galimoto. Anati ndi chitopa.

Kenako kunabwera dzinja. Misewu yathu yodutsa m'minda ya tiyi mukuidziwa, mikwasa ya mathirakitala imazama, pakati n'kutsala chimtumbira. Tsiku lina mimba ya pikiyapu inakhula pachimtumbirapo, kansupa kaja n'kukhudza dothi. Sabata yomweyo katundu wake yense anavunda m'nyumba yosungiramo. Kondie sanachedwe, anathamangira ku Boma, kugalaja ya a Jailos.

"Ikwezeni, amakaniko. Ikukhula pansi."

"Zosavuta, bwana. Masipulingi olimba, matayala okulirako pang'ono, basi. Matope a kuno yathana nawo."

Anaikweza. Tsopano kunsi kunayamba kukwana mbuzi. Masana dzuwa likaswa mtengo zinkalowamo kukabzikula, ndipo zina sizinkatulukanso. Apo ndiye chuma chinachita kusefukira. Chigayo chinabwera, golosale inabwera, Dainess n'kuyamba kusintha zitenje ngati mkazi wa mwini esiteti. Phillip anasiya nthabwala zake zija.

Munthu wokhuta akanalekera pomwepo. Kansupa sikankakhudzanso dothi. Koma Kondie anali atawerengera kale mumtima: nkhuku zinabweretsa chakuti, mbuzi chakuti. Nanga chokulirapo? Anabwerera kwa a Jailos.

"Ndikufuna matayala aakulu ali pakhomawo. Ndi zitsulo zokwezera zazitali."

A Jailos anapukuta manja n'kumuyang'ana. "Bwana, galimotoyi mukufuna izithyola mapeyala? Mukaipitiriza apa iyamba kumwa mafuta ngati chidakwa, pokhota izipendama, mabuleki azichedwa kugwira. Ndipo mayi akunyumba azikwera ndi makwerero?"

"Ndalama ndi zanu kapena zanga?"

"Zanu, bwana."

"Ndiye kwezani."

Inatuluka m'galajamo itatalika ngati nkhokwe. Anthu pamsika anasiya malonda n'kumaionerera. Dainess pokwera ankachita kukwinya chitenje, wina n'kumukankha kumbuyo. Koma amene anaikonda kwambiri ndi ana. Kunsi kwake mwana ankakhala tsonga mutu osagunda. Ndipo Kondie anasiya kuiimika pakhomo pake, ankaiimika chakumalire, kufupi ndi bwalo la Phillip, kumene kamnyamata ka Phillip, Honest, kankasewera ndi anzake.

Mwana wake yekha ndiye anamuletsa.

"Favour, ndisadzakuone kunsi kwa galimoto. Wamva?"

"Nanga Honest amalowamo bwanji, adadi?"

"Honest ali ndi bambo ake. Iwe ndakuletsa."

"Komatu muli mthunzi wabwino."

Anamumenya kambama, koyamba chibadwire, kenako n'kukamugulira mabisiketi. Dainess atafunsa, anati kumadontha mafuta oyabwa. Masiku amenewo Kondie sankadya bwino. Akamva ana akuseka kubwalo kwa Phillip, ankakweza wailesi.

Linali Lachinayi masana. Dainess anali atavala zoyera kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndipo Kondie anaona Favour akumutsatira pambuyo. Chimene sanaone n'choti panjira mayi anamubweza mwanayo chifukwa mitambo inali itaphimba phiri. Mvula inatsika mwadzidzidzi, ija yogwa ndi ziphaliwali. Kondie anaima pawindo. Kudzera m'mvulamo anaona timapazi tiwiri titatulukira kuseri kwa tayala lalikulu.

Dzanja linafika pachitseko. Kunali kungofuula kamodzi kokha, mwanayo akanathawira m'nyumba. Koma anakumbukira mawu a nkhalamba, anakumbukiranso matope a pamsewu paja. Anasiya chitseko n'kukoka katani.

Kunang'anima, nyumba n'kugwedezeka.

Mvula itakata, anamva Dainess akulowa pabwalo, akukutumula ambulera.

"Bambo a Favour, mwana wamwa tiyi? Ndinamubwezatu."

Asanayankhe, anaona Honest atayima pakhonde la kwawo, wouma bwinobwino, akudya chinangwa.

Kondie anamutulutsa yekha Favour kunsi kuja. Analibe bala ngakhale limodzi. M'manja anali atafumbata timbale take tamasanje. Achipatala anati ndi mphenzi, ndipo mwina inalidi mphenzi. Dainess sanalire tsiku limenelo. Anangokhala pansi m'matope ndi zoyera zakezo, akumupukuta mwana kumapazi ndi duku.

Maliro atatha, Kondie anakwawira kunsi kwa pikiyapu, anadula kansupa kaja n'kukapondereza m'dothi ndi chidendene. Kuyambira pamenepo zonse zinayamba kuthawa. Chigayo chinapsa. Golosale inatsala mashelefu. Pikiyapu inagubuduzika pokhota, ilibe katundu, ndipo inagulidwa ngati zitsulo. Mwini wake anatulukamo wamoyo, koma mutu sunabwerere. Lero mukafika pa Limbuli mumupeza akuzungulira malole oima, akugwada, akusuzumira kunsi, akuingitsa nkhuku ndi agalu. Mwana akangoyandikira galimoto, amathamanga akukuwa, "Tulukamo! Tulukamo, mayi!"

Abale anga, chuma chamankhwala sichibwera chokha, chimabwera ndi pakamwa. Ukamachikulitsa umakulitsanso pakamwapo, ndipo sichifunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Umphawi umawawa, inde, koma wakabaza amagona mwana wake ali pambali. Dyera ndi nsanje zimakutengera chomwe unali nacho kale.

Ofuna kutsutsa atsutse, koma akafunse Phillip. Iye ndi amene sanamutaye mlamu wake, ankamupititsira chakudya kumsika ngakhale Dainess atamuthamangitsa pamudzi. Tsiku lina Kondie analandira mbale, mutu uli bwino pang'ono, n'kumugwira dzanja.

"Alamu, musamandidyetse."

"Idyani, alamu. Inali mphenzi, si inu."

"Timapazi tija ndinationa. Ndinali pawindo, chitseko chili pompo." Anayang'ana pansi. "Ndinkayesa ndi Honest."