Sitepe Yotchedwa Kulawira

Ku Sakubva, mumzinda wa Mutare ku Zimbabwe, anthu adazolowera kuti magetsi amabwera ngati mwamuna woyendayenda, ana atagona kale. Tsiku limenelo adabwera Joice Kamanga atatsuka mbale, akuwodzera pampando. Adadzuka n'kuyatsa laputopu pa tebulo la m'khichini. Panja kunkagwa guti, kamvula kowaza kochokera ku mapiri a Vumba, ndipo msewu wonse udali zii.

Ntchito imene inkamudikira idali ya bungwe la maliro la anthu a ku Malawi. Adaliyambitsa ndi agogo awo, ogwira ntchito kunjanji ndi kukhonsolo, kuti munthu akafera kuno kuchilendo asaikidwe ngati wopanda kwawo. Masiku ano zambiri zimayenda pa apu. Mlembi wa bungwe, a Phineas Mvula, akangolemba kuti uje watisiya, apuyo imachita yokha zotsala, sitepe ndi sitepe. Imauza mamembala, imauza okumba manda, imauza wa tenti ndi amayi ophika. Adaimanga ndi mwana wa mlongo wawo wa a Phineas, amene adapita ku Joni n'kutchona, foni yake osapezekanso. Tsopano akaunti yake inkatsekedwa m'mawa mwake, ndipo zonse zimayenera kusamukira ku akaunti ya bungwe kusanache.

Joice ankakonza makompyuta pa kampani ina ya matabwa, choncho sadaone chovuta. Adamanga apu yonse mu fayilo imodzi ngati mtolo, n'kukaitula kumalo atsopano. Kamzere kabuluu kadayenda bwinobwino, kufika pakati, n'kuima. Padatuluka mawu ofiira, akuti mwini wake wa zolumikizira sakudziwika. Adachotsa dzina la wotchona uja n'kuika la bungwe. Adayesanso. Padatuluka ena ofiira, akuti malo atsopano akusowa kachipangizo kotumizira mauthenga. Adakasaka, adakaika, adayesanso.

Ulendo uno kamzere kadafika pafupi ndi mapeto. Kenaka kadaima.

Mawuwo adali a Chingerezi, koma pakati pake padali liwu limodzi la Chichewa. Ankati sitepe yotchedwa Kulawira ikudalira chinthu chimene kumalo atsopano kulibe, ndipo mtolo sungadutse.

Apa ndinene zoona. Chichewa cha Joice chidali cha m'khichini mwa agogo ake, chodzaza ndi zigamba za Chishona. Adabadwira ku Mutare, mayi ake adabadwira ku Mutare, ndipo ku Malawi adangokuona pa mapu. Ataona liwulo, khutu lake lidamva la Chishona lija, kuravira, limene ndi kulawa ndiwo kuti umve ngati mchere wakwana. Adaseka yekha. Adaganiza kuti womanga uja adasiya sitepe yongoyesera, yolawira ngati apu yapsa, n'kuiwala kuichotsa.

Adaimbira a Phineas, koma foni idali yozima. Adakumbuka kuti adapita kuchipatala kukaona wodwala. Akadadikira. Paja safunsa adadya phula, koma magetsi a kuno salonjeza. Adabwerera ku akaunti yakale n'kufufuta sitepeyo. Kompyuta idamufunsa ngati akutsimikiza, pakuti zonse za m'kati mwake zipita osabweranso. Iye adavomera osatsegula n'komwe kuti aone za m'katizo. Adamanganso mtolo, ndipo udadutsa myaa, zonse zobiriwira.

Pamenepo ndi pamene adamva mawu pakhomo.

"Odi."

Joice adatchera khutu. M'dera lawo munthu akafika amati gogogoi kapena tisvikewo. Odi adaumva komaliza agogo ake ali moyo. Galu wa pafupi, amene amauwa ngakhale pepala louluka, sadatsegule pakamwa.

"Odi kuno."

Adasuzumira pazenera. Pansi pa babu la pakhonde padaima a Chrispen Zimba, nkhalamba ya kumzere wa nyumba za kumtunda, imene idakalambira kunjanji. Adalibe mkazi, adalibe mwana. Adavala chijasi chawo chakuda chakuntchito, chipewa chili m'manja. Mtima wa Joice udatsika pang'ono, ndipo adatsegula chitseko.

"Sekuru, usiku uno? Ndimayesa muli kuchipatala. Pindai, mukunyowa."

Sadalowe. Sadali kunyowanso. Guti ankawaza khonde lonse, koma chijasi chija chidali chouma gwa, ndipo pa simenti yonyowayo panalibe phazi lililonse lochokera kugeti.

"Ndatuluka, mwana wanga," adatero pang'onopang'ono. "Ndikufuna kulawira."

Joice adayang'ana mapoto ake opanda kanthu. Adachita manyazi. "Pepani sekuru, sindinasiye chakudya. Koma tiyi ndingathe."

Nkhalambayo idamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Mudali chisoni chokha, chimene Joice sadzachiiwala.

"Ana a kuno," idatero. "Kulawira si kwa pakamwa ayi. Munthu akamanyamuka amapita kwa eni ake, nati ine ndikupita, tsalani bwino. Wochoka osalawira ndi wakuba. Kapena chiweto."

Joice adakumbuka liwu lija la pa laputopu.

"Ndili ndi mlongo wanga ku Ntcheu. Ndidamusiya akuyamba kumera mano. Chaka ndi chaka ndimati ndibwera, ndibwera. Mnyamata wa a Mvula adandiuza kuti tsiku langa likadzafika, makinawa adzandilawirira, mlongo wanga adzamva tsiku lomwelo. Ndidamupatsa nambala ya mdzukulu wake, adaisunga m'menemo. Tsopano ndafika panjira, ndapeza potseka." Adatembenuza chipewa m'manja. "Watseka ndani, mwana wanga?"

 M'khichini laputopu idalira kamodzi, ndipo Joice adacheuka. Pobweza maso, pakhonde panalibe munthu. Geti lidali chitsekere, loko ali m'kati monga adamusiyira madzulo.

Adatseka chitseko n'kukhala pansi. Pa sikirini apu idali itayamba ntchito yake yoyamba kumalo atsopano. A Phineas adali atayatsa foni kuchipatala n'kulemba kuti a Chrispen Zimba atisiya dzuwa likulowa. Masitepe ankayaka motsatana. Mamembala amva. Okumba manda amva. Wa tenti wamva. Amayi ophika amva. Pamapeto padatuluka chizindikiro chobiriwira chakuti zonse zatheka, palibe cholakwika.

Joice adathamangira ku akaunti yakale. Adasaka sitepe ija paliponse, koma idali itapita ndi zonse za m'mimba mwake. Adakumbuka mtolo woyamba uja, umene udali ndi zonse, n'kupeza kuti wachiwiri adausunga pa dzina lomwelo, pamwamba pake. Adalira ngati mwana. Kenaka magetsi adazima.

Kutacha adapita kunyumba ya siwa n'kuwaitanira a Phineas kuseri. Adawauza za sitepe ija, koma za mlendo wausiku sadanene. A Phineas adagwira pakamwa.

"Iwe Joice, wachita chiyani? Ena tonse abale athu akumudzi timawadziwa pamtima, tili nawo m'mafoni. Koma mdalayu foni yake adabedwa kalekale. Nambala ija sidalinso kwina kulikonse."

"Sitingafunse anthu, baba? Ku Ntcheu konko?"

"Ntcheu si mudzi, mwana iwe, ndi boma lonse. Mdalayu dzina la Zimba adalitola kunjanji. La kwawo amene ankalidziwa onse ali kumanda."

Adayesa ndithu. Adafufuza m'sutikesi ya malemu, adatumiza mawu kwa madalaivala a mathiraki odutsa ku Tete, adalengeza m'magulu a pa foni. Palibe adayankha. Maliro sadikira, ndipo a Zimba adaikidwa mwaulemu, tenti yabwino, nyimbo zabwino. Onyamula bokosi okha ndi amene adanong'onezana kuti nkhalamba yoonda ngati ija siyenera kulemera chotero, ndi kuti pa geti la manda bokosi lidawakoka mapewa ngati likufuna kubwerera.

Joice adamanganso sitepe ija ndi manja ake, n'kuyenda khomo ndi khomo kutolera manambala a kumudzi. Ya aliyense ilimo tsopano, kupatula ya munthu mmodzi.

Ku Sakubva nkhaniyi siikambidwa mokweza. Koma amayi akumzere wa kumtunda amati guti akamagwa pamamveka odi pa makomo a anthu a ku Malawi okha, ndipo ukatsegula supeza munthu. Ena amati ndi mphepo. Achikulire amapukusa mutu, amati mdalayo sadanyamuke, pakuti sadalawire.  Chimene chimamusowetsa tulo Joice si odiyo ayi. Ndi kuganiza kuti kwinakwake ku Ntcheu kuli mayi wokalamba amene usiku uliwonse, akamapemphera, amatchulabe mlongo wake pakati pa amoyo, kuti Mulungu amusunge mpaka abwere.